ZA UMOYO WATHU: Mayeso eni-eni a wophunzira mafizo ali kumudzi

Mlungu uno, awerengi okondedwa, tikambirane za anyamata ndi atsikana obvala zoyera amene nthawi zina timawapeza m'zipatala zathu zikulu-zikulu ataima pambali pa bedi, kabuku kali m'manja, namafunsa mafunso ambiri kuposa dokotala. Ena mwa iwo ali kuphunzira unamwino, ena udokotala, ndipo ena ali kuphunzira nchito yoongola ndi kulimbitsa ziwalo, imene ambiri timangoicha mafizo. Lero tinena za omalizawa. Funso lathu ndi ili: mwana wa sukulu wotere akatha milungu yace m'cipatala, tidziwa bwanji kuti waphunziradi? Woweruza ndani, nanga muyeso wace ndi uti?

Kapena wina anganene kuti nkhani yotere ndi ya aphunzitsi a ku Lusaka, ndipo mlimi wa ku Mkaika, ku Sinda kapena ku Vubwi siimkhudza. Koma taganizani bwino. Thupi limene wophunzirayo amaphunzirirapo ndi lathu: mwendo wa agogo, mkono wa mwana, msana wa amai. Ndiponso akadzatsiriza sukulu, Boma likadzamtuma kugwira nchito kuno kum'mawa, zimene anaphunzira bwino tidzapindula nazo ndife, ndipo zimene anangozilambalala tidzalira nazo ndife omwe.

NCHITO YA MAFIZO

Dokotala amaletsa matenda, namlanditsa munthu ku imfa. Koma alipo odwala ambiri amene matenda akatha amatsala ndi thupi losamvera. Bambo amene magazi ace anali kuthamanga kwambiri wagwa ndi sitiroko, ndipo mbali imodzi ya thupi yafa. Mnyamata wagundidwa ndi njinga yamoto pa mseu waukulu wa Great East, pfupa la nchafu lathyoka, wagona milungu yambiri mwendo uli cokokedwa, ndipo podzuka minofu yaonda, bondo lakana kupinda. Mwana wagwa mu mtengo wa mango, pulasitala acotsa, koma cigongono cauma. Wodwala khunyu wagwera pa moto, bala lapola, koma khungu lakokana mpaka zala zafumbata. Khanda linabvutika pobadwa kapena linadwala malungo a ku bongo, ndipo caka catha lisanakhale pansi. Onsewa ndiwo anthu a mafizo. Mankhwala ao akulu si mapilisi kapena jekeseni iai, koma kuyendetsa ziwalo, kuphunzitsa thupi mwatsopano, ndi kupirira kwa miyezi.

Nchitoyi inakula m'maiko a Azungu cifukwa ca asilikari obvulala pa nkhondo ziwiri zikulu-zikulu zija, ndi cifukwa ca poliyo, matenda amene akulu-akulu athu akumbukira bwino m'mene anapundulira ana m'midzi. Lero poliyo wacepa cifukwa ca katemera, koma ofuna mafizo sanacepe. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu pafupi-fupi mabiliyoni 2.4, ndiko kuti munthu mmodzi mwa atatu ali onse, anali ndi bvuto limene cithandizo cobwezeretsa mphamvu m'thupi cikanawathandiza. Cotero palibe mudzi umene ungati nkhaniyi ndi ya kwa eni.

KUMENE AMAPHUNZIRA

M'dziko lathu, sukulu yakale pa maphunziro amenewa ndi Evelyn Hone College ya ku Lusaka, imene imapereka dipuloma. Pambuyo pace University of Zambia inatsegula maphunziro a digiri, amene amacitikira ku Ridgeway pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH, ndipo tsopano masukulu ena, monga Lusaka Apex Medical University, amaphunzitsanso. Pamwamba pa onsewa pali bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene limabvomereza maphunziro, limalemba anchito a za umoyo m'kaundula, ndi kuwapatsa cilolezo cogwirira nchito.

Zaka zoyamba wophunzira amakhala m'kalasi. Amaloweza maina a mafupa, minofu ndi mitsempha, namayeseza pa matupi a anzace. Koma mnzace wa m'kalasi samva kuwawa, saopa kugwa, ndipo ukamuuza kuti akweze mkono amakweza. Wodwala weni-weni ndi wina. Ndico cifukwa cace m'zaka zomaliza ophunzira amatumizidwa ku zipatala, milungu ingapo kuno, milungu ingapo uko, kuti agwire odwala pansi pa uyang'aniro wa katswiri amene anamaliza kale. Ku Britain wophunzira satsiriza asanakwanitse maola 1,000 pa odwala eni-eni, ndipo maiko ena ambiri amatsata muyeso womwewo. Maola 1,000 ndi milungu 25 yogwira nchito maola 40 pa mlungu. Nthawi imeneyi ndiyo mtima wa maphunziro onse, pakuti m'menemo ndimo mau a m'buku amasanduka luso la m'manja.

KAYESEDWE KA MASIKU ONSE

Njira zoyesera wophunzira zimafanana m'masukulu ambiri. Coyamba pali kabuku kaja. M'menemo amalemba odwala amene waona, bvuto lao, ndi cimene wawacitira, ndipo womuyang'anira amasaina. Caciwiri, womuyang'anirayo amapereka malikisi pa kafunsidwe kace, kapimidwe kace, kaganizidwe kace posankha cithandizo, kusamala kwace kuti wodwala asabvulale, kalembedwe ka m'mafailo, kusunga nthawi ndi khalidwe. Cacitatu, pamakhala mayeso a pambali pa bedi: amampatsa wodwala, amampima pamaso pa aphunzitsi, nafotokoza cimene wapeza ndi cimene angacite.

Bvuto lodziwika pa kayesedwe kotere ndi lakuti oyang'anira awiri akhoza kuona wophunzira mmodzi napereka malikisi osiyana, wina cifukwa ca cifundo, wina cifukwa ca nkhanza. Pofuna kucepetsa zimenezi, masukulu a ku Australia ndi New Zealand anagwirizana kugwiritsa nchito pepala limodzi la mfundo 20, ndipo mfundo iri yonse imapatsidwa malikisi kuyambira 0 kufikira 4. Pepalalo amalidzaza kawiri, pakati pa nthawi ndi kumapeto. Nzeru yace ndi yoonekeratu: ukamuuza munthu zolakwa zace pakati pa ulendo akhoza kukonza, koma ukamuuza tsiku lonyamula katundu wangomnyoza cabe.

Zonsezi ndi zabwino ndipo sitiri kuzicepsa. Koma taonani kumene mayeso onsewa amacitikira: m'kati mwa mpanda wa cipatala, pa simenti yosalala, pa bedi lacitsulo, pafupi ndi cimbudzi ca madzi. Wodwala akangotuluka pa cipata, kabuku katsekedwa, malikisi aperekedwa. Cimene cidzamcitikire akafika kwao palibe amene amacilemba. Komatu khasu amaliyesera m'munda, pa cipala amangolisula. Wophunzira akhoza kupambana mayeso onse a m'cipatala, wodwala wace nakafota pa mphasa kumudzi. Tsono ife tikuti pa miyeso imene iripo aonjezepo muyeso wa kumudzi, ndipo mafunso ace ndi asanu.

KODI ANAFUNSA ZA KUNYUMBA?

Wodwala sitiroko akaphunzira kudzuka pa bedi la m'cipatala, lalitali kufika m'ciuno, aphunzitsi amakondwera. Koma kwao amagona pansi pa mphasa, ndipo kudzuka pansi ndi mbali imodzi yakufa ndi nchito ina yosiyana, yofuna kuiphunzira payokha. Cimbudzi ca kwao ndi cokumba, ciri kuseri kwa nyumba, njira yace ndi ya mabampu, ndipo munthu ayenera kunjuta. Khomo la nyumba ndi lopapatiza, pabwalo ndi pa mcenga, kotero kuti njinga ya olumala imene anampatsa mwa cikondi imangokhala pa khonde, nkhuku n'kumaikirapo mazira.

Wophunzira wabwino amafunsa zimenezi tsiku loyamba. Amafunsanso za nchito: kodi bambowa afuna kubwerera ku khasu, kupalasa njinga kunka ku msika wa Katete, kapena kumanga ng'ombe pa ngolo? Kodi maiwa afuna kusinja, kusenza ndowa, kubereka mwana kumbuyo? Munthu sabwera ku cipatala kudzafuna kuti bondo lipinde madigiri akuti-akuti. Amabwera kuti adzilimire yekha ndi kupita yekha kuseri popanda kunyamulidwa ndi ana ace. Ngati m'failo mulibe mau ali onse onena za mphasa, cimbudzi ndi munda, ndiye kuti wophunzirayo anaona mwendo koma mwini mwendo sanamuone.

KODI ANAPHUNZITSA WODWAZIKA?

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo tikhalitsepo pang'ono. Anthu a m'tauni akhoza kupita ku mafizo kawiri kapena katatu pa mlungu. Ife sititero. Cipatala ca St Francis' ku Katete, cimene a Anglican anaciyamba mu 1948 ndipo tsopano amaciyendetsa pamodzi ndi Akatolika, cimalandira odwala ocokera kutali kwambiri. Ca Nyanje ciri ku Sinda, ndipo cacikulu ca cigawo cathu ciri ku Chipata. Munthu wa ku Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique, kuti anyamule wodwala wosayenda ayenera kulipira galimoto, kusiya munda, ndi kupeza cakudya ca pa ulendo. Nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo umalephereka. Akakwanitsa kamodzi pa mwezi wayesetsa. Tsono wa mafizo amakhala ndi wodwalayo ola limodzi, ndipo maola ena onse a mweziwo, oposa 700, wodwala ali m'manja mwa mkazi wace, mwana wace kapena mlongo wace. Wocita mafizo weni-weni ndi wodwazika.

Zimene wodwazika ayenera kudziwa si zozama, koma zikasoweka zimapha. Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri ali onse, apo ai pa thako, m'ciuno ndi ku zidendene pamabuka zilonda zimene zimadya mnofu mpaka pa pfupa. Mkono wakufa asaukoke pomdzutsa, cifukwa phewa lopanda mphamvu limaguluka nayamba kuwawa kosatha. Pogona mkonowo autsamiritse pa pilo kapena pa nsaru yopinda, zala zikhale zotambasuka. Ziwalo zonse aziziyendetsa pang'ono-pang'ono tsiku ndi tsiku kuti zisaume. Pomdyetsa amkhazike tsonga, cifukwa phala likalowera ku mapapo limabweretsa cibayo. Ndipo asamcitire zonse cifukwa ca cifundo: amleke ayese kudzigwirira kapu, kudzisambitsa kumaso, kudzibvalira malaya. Kucira kwakukulu kwa wodwala sitiroko kumacitika m'miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo miyezi imeneyi kawiri-kawiri wodwala amakhala ali kunyumba.

Cimodzi-modzi ndi mwana wobadwa ndi phazi lopindikira m'kati. Mwa ana 1,000 obadwa, pafupi-fupi mmodzi amabadwa cotero. Njira yowongolera imene anaiyambitsa dokotala Ignacio Ponseti ku America ndi yodalirika: phazi amaliongola pang'ono-pang'ono ndi pulasitala wosinthidwa mlungu ndi mlungu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kawiri-kawiri amadula pang'ono mtsempha wa ku cidendene, kenaka mwana amabvala tinsapato tolumikizidwa ndi kacitsulo. Tinsapatoto abvale maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, ndipo pambuyo pace azigona nato usiku mpaka zaka zinai kapena zisanu. Mai akaona phazi laongoka, mwana n'kumalira usiku, agogo n'kumati mwanayo mukumzunza, amabvula tinsapato, ndipo phazi limabwerera mwakale. Wolakwa si mai yekha. Wolakwa ndi amenenso sanakhale naye pansi kumfotokozera kuti phazi limabwerera cifukwa ciani.

Tsono muyeso wace ndi wapafupi. Tsiku lotuluka, womuyang'anira aitane wodwazika, wophunzira aime pambali osalankhula, ndipo wodwazikayo aonetse ndi manja ace m'mene adzatembenuzira wodwala, m'mene adzamkhazikira, m'mene adzamuimiritsira. Akatha, wophunzira wapambana. Akalephera, wophunzira abwerezenso kuphunzitsa. Kungofunsa kuti, "Mwamva, amai?" sikukwanira, pakuti ife mwa ulemu wathu timayankha kuti, "Inde," ngakhale pamene sitinamve kanthu.

KODI AKHOZA KUGWIRA NCHITO POPANDA MAKINA?

M'zipatala zikulu muli makina a magetsi otenthetsa minofu ndi ocepetsa ululu, ndipo ndi bwino kuti wophunzira awadziwe. Koma tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Ndipo m'midzi yathu yambiri magetsi sanafikeko n'komwe. Wophunzira amene manja ace amauma makina akazima sanakonzeke kugwira nchito kuno.

Pamudzi pali zipangizo zokwanira kwa munthu wa maso. Nsungwi ziwiri kapena mitengo iwiri yowongoka, yomangidwa pa mphanda zokumbira pansi kufika m'ciuno, ndi pogwira pophunzira kuyenda. Botolo lodzaza mcenga ndi colemera colimbitsira mkono. Mphira wa chubu ca njinga amakokedwa kulimbitsa mwendo. Mpando wakale wobooledwa pakati, woikidwa pamwamba pa dzenje la cimbudzi, umabwezera nkhalamba ulemu wace. Kusankha nyemba ndi kusenda nsawawa kumaphunzitsa zala. Ku Zimbabwe anayambitsa luso lopanga timipando ta ana olumala ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, ndipo timipandoto timalimba modabwitsa. Mwana amene anali kungogona cagada akakhazikidwa m'kampando kotere amaona anzace, amadya bwino, nayamba kugwiritsa nchito manja. Wophunzira asacoke m'cigawo cathu asanapangepo cinthu cimodzi cotere ndi manja ace pamodzi ndi abale a wodwala.

KODI ANALANKHULA NAFE MWA ULEMU?

Ophunzira amacokera m'zigawo zonse za Zambia, ndipo maphunziro ao ndi a m'Cingerezi. Cinyanja ca ku Lusaka si Cicewa ca kwa Kawaza, ndiponso si Cinsenga ca kwa Nyanje. Sitiyembekeza kuti mlendo wa milungu isanu ndi umodzi alankhule ngati mwana wobadwira pano, koma mau ocepa ofunika pa nchito, monga kupinda, kutambasula, dzanzi, kuwawa ndi kutsamira, awaphunzire, ndipo pamene asowa mau apemphe womasulira.

Mafizo ndi nchito yogwira thupi, ndipo thupi la munthu wamkulu liri ndi mwambo wace. Mnyamata asafulumire kubvula mai wa msinkhu wa amace popanda kupempha, popanda cochinga, popanda mai wina pafupi. Wodwala akanena kuti anapondera mankhwala pa mphambano, kapena akaonetsa mphini zimene anatemera, wophunzira asaseke. Akaseka, wodwalayo atseka pakamwa, ndipo sadzabweranso. Amvetsere, kenaka afotokoze modekha kuti mtsempha wa magazi wa ku bongo ukatsekeka kapena ukaphulika, mbali ina ya thupi imaleka kumvera, ndi kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi asawaleke. Khalidwe lotere mphunzitsi saliona lonse, pakuti pamaso pa mphunzitsi mwana ali yense ndi wofatsa. Amene amalidziwa bwino ndi wodwala.

KODI AMADZIWA POLEKEZERA?

Funso lomaliza ndi la citetezo. Si kuwawa konse kumene kumafuna mafizo. Msana wowawa pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana. Msana wowawa pamodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo ndi kulephera kusunga mkodzo ufuna dokotala tsiku lomwelo. Katumba wotupa, wotentha ndi wowawa mwa munthu amene wagona nthawi yaitali akhoza kukhala magazi oundana, ndipo kumtikita ndi kuika moyo pa ciswe. Wophunzira wonena kuti, "Apa ndiyambe ndafunsa akulu," ayenera malikisi ambiri kuposa wodzionetsa kuti adziwa zonse. Paja safunsa anadya phula.

SUKULU NDI CIPATALA ZIYESEDWENSO

Si cilungamo kuyesa mwana yekha osayesa omphunzitsa. Mbeu ikakana kumera timayang'ananso nthaka. Pofufuza ngati nthawi ya m'cipatala yapindula, pali zofunsa masukulu ndi zipatala. Kodi katswiri mmodzi anali ndi ophunzira angati? Akacuruka, ena amangoima kumbuyo kuyang'ana misana ya anzao mpaka milungu kutha. Kodi katswiriyo anali ndi nthawi yophunzitsa, kapena mzere wa odwala unamcurukira mpaka ophunzira anasanduka aganyu opanda malipiro, ogwira odwala popanda woona? Kodi iye mwini anaphunzitsidwapo kaphunzitsidwe ndi kaperekedwe ka malikisi? Pakuti kudziwa nchito ndi kwina, kuiphunzitsa ndi kwina. Kodi aphunzitsi a ku sukulu anafikako kudzaona, kapena anangotumiza kalata? Kodi ophunzira anagona pabwino ndi kudya mokwanira? Mwana wa mlimi amene akuda nkhawa ndi ndalama ya lendi saika mtima pa odwala.

Palinso funso la kusiyana-siyana kwa malo. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wophunzira amene zaka zace zonse zathera m'zipatala za ku Lusaka aona matenda ambiri, koma sadziwa kuti mtunda ndi matenda enanso. Ayenera kulawako cipatala ca mishoni kapena ca boma laling'ono, kutsagana ndi anamwino pa maulendo a sikelo ya ana m'midzi, ndi kulowa m'nyumba ya wodwala mmodzi kapena awiri. Maboma a Sinda ndi Vubwi anakhazikitsidwa mu 2012 ndi colinga cakuti nchito za Boma zifike pafupi ndi anthu, ndipo nchito ya mafizo ndi imodzi mwa zimene ziyenera kufika. Zimadziwika m'maiko ambiri kuti wophunzira amene analawako nchito ya kumudzi nalandiridwa bwino sabvuta kudzabwererako akamaliza.

Ophunzira eni ace afunsidwenso maganizo ao pa mapeto, ndipo alembe popanda kuika dzina, cifukwa palibe mwana angadzudzule munthu amene wagwira malikisi ace. Koma kufunsa kokha sikupindula ngati mapepalawo akathera m'kabati. Gulu lotsatira lipeze kuti cimene anzao anadandaula cakonzedwa.

MBALI YATHU

Tsono ife eni matupi ticitenji? Coyamba tidziwe zoyenera zathu. Wophunzira ayenera kudzichula kuti ndi wophunzira, ndi kukuuzani dzina la womuyang'anira. Muli ndi ufulu wokana kugwiridwa ndi wophunzira, ndipo kukanako sikucotsa cithandizo canu. Asakujambuleni ndi foni popanda cilolezo canu, asakambe za matenda anu kunja, ndipo simuyenera kumpatsa ndalama ya m'thumba mwace. Cikakuwawani kopitirira, nenani pomwepo.

Koma pokhala tadziwa zimenezi, tisawakane ana amenewa popanda cifukwa. Katswiri ali yense anayambira pa wodwala amene anamlola. Kawiri-kawiri wophunzira ndiye amakhala ndi nthawi yomvetsera imene wanchito wotanganidwa alibe. Timuuze zoona: ngati zolimbitsa thupi zija sitinacite cifukwa ca nchito ya kumunda, tinene, ngati tinapita kwa sing'anga, tinene, ngati sitidzatha kubwera pa tsiku limene walemba, tinene, kuti atiphunzitse zokwanira mwezi wathunthu. Ndipo womuyang'anira akatifunsa za iye, tisangoti, "Ndi mwana wabwino." Tinene cimene anatiphunzitsa ndi cimene sitinamve. Kubisa colakwa ca wophunzira cifukwa ca ulemu ndi kupweteka wodwala amene adzamgwire mawa.

Pempho lathu kwa akulu a masukulu ndi a zipatala ndi lakuti mau a wodwala ndi wodwazika alowe m'kayesedwe. Sizifuna ndalama zambiri. Mafunso atatu pa tsiku lotuluka ndi okwanira: kodi anakufotokozerani bvuto lanu m'mau amene munamva, kodi anakuonetsani zocita kunyumba, kodi anakulemekezani? Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, anchito a za umoyo a m'midzi ndi makomiti a za umoyo akhoza kuzonda wodwalayo ndi kutumiza mau ku cipatala: ali kuyenda, kapena wabuka zilonda, mwana akubvala tinsapato, kapena tiri pa denga. Mau amenewo akafika ku sukulu, aphunzitsi adzadziwa pamene maphunziro ao ali olimba ndi pamene akudontha. Mafumu athu, a Mbang'ombe, a Kawaza, a Kathumba, a Nyanje ndi a Pembamoyo, pamodzi ndi nyakwawa zao, angathandize kwambiri polimbikitsa mabanja kuti asabise olumala m'nyumba ndi kuti alandire ophunzira akabwera kudzazonda.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Caka ndi caka, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana pa Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo pamodzi ndi mitulo amatula kwa Kalonga Gawa Undi mbiri ya m'mene anthu ao akhalira. Makolo athu anadziwa kuti wokhala ku likulu sangadziwe za dziko ngati a kumidzi sanena. Maphunziro a mafizo afunanso mbiri yotere yocokera pansi.

Kwa inu anyamata ndi atsikana a m'masukulu a sekondale a kuno kwathu, amene mumakhoza masamu ndi sayansi, nchitoyi iganizireni. Inu mphasa mumaidziwa, cimbudzi cokumba mumacidziwa, cinenero ndi mwambo munayamwira. Zimene anzanu ayenera kuziphunzira m'milungu yocepa inu muli nazo kale. Ndipo kwa inu makolo amene muli ndi wodwala wofa ziwalo m'nyumba lero lino, musadikire kuti ziwalo ziume. Pitani naye ku cipatala, funsani cipinda ca mafizo, ndipo musacokeko musanaonetsedwe ndi manja zimene mukacite kunyumba.